Makina a CNC kuno ku Chigwa cha Shire: tisonkhe tigule ati, ndipo akhale kuti?

Bambo a Tadala (owotcherera, Nchalo)
Akuluakulu ndi amayi a pagulu pano, ndili ndi nkhani yofuna nzeru za anthu ambiri. Ife owotcherera zitsulo kuno ku Chigwa tikadali pa grinder, sowo ndi choko. Munthu akabwera ndi chithunzi cha geti lamaluwamaluwa lomwe waona pa Facebook, timangomuuza kuti akwere ku Blantyre. Shafiti ya chigayo ikathyoka, Blantyre. Pampu ya kudimba ikadyeka mkati, Blantyre. Ndalama yathu yonse ikudutsa pa Thabwa n'kukwera mtunda, ife kutsala ndi ntchito yomata makaliyala a njinga za kabaza.

Chonsecho masiku ano kuli makina oyendetsedwa ndi kompyuta, aja amati CNC. Umajambula chinthu pa kompyuta, makinawo n'kudula chitsulo ndendende monga wajambulira, kaya zidutswa 2 kaya 200, zonse zofanana. Kulinso 3D printer youmba zipangizo za pulasitiki. Munthu mmodzi sangakwanitse, ndikudziwa. Koma titakhala anthu 15 kapena 20, kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Marka, sitingasonkhe n'kugula? Nanga tingayambe ndi makina ati?

Make Chikondi (chigayo, Bangula)
Bambo a Tadala mwandilankhulira. Chigayo chikaima sikuti ndimangotaya ndalama ya chitsulo chothyokacho. Amayi omwe amagayitsa kwa ine amapita kwina, ena osabwereranso. Mnyamata woyendetsa chigayo ndimamulipirabe atangokhala. Kenako thiransipoti yopita m'tauni, kogona, chakudya. Nthawi ina pule inabwerako bowo lake litakula, inkangogwedera pa shafiti, ulendo n'kuyambiranso. Makinawo atakhala pa Ngabu kapena pa Nchalo ine ndingasonkhe nawo mosanyinyirika.

Fitala Wopuma (Ngabu)
Mwana wanga, maganizo ndi abwino, koma tiyambe tafunsa kuti chimathyoka kwenikweni n'chiyani kuno kwathu. Ine ndakalambira mu workshop ya fakitale, ndipo zomwe anthu amabwera nazo kunyumba mpaka lero n'zomwezomwezi: shafiti, pule, bush, ulusi wa bawuti wodyeka, ekisilo ya ngolo. Zonsezi n'zozungulira. Zimafuna lathe, makina ozungulitsa chitsulo n'kumachisenda. CNC plasma, yodula ndi moto wa magetsi, imadula chitsulo chafulati basi, pule ya Make Chikondi siingaikonze ngakhale mutaipempha bwanji.

Ndiponso malo okhala bearing pa shafiti safuna kuphonya. Mukaphonya ndi 0.05 mm yokha, bearing imagwedera kapena imakana kulowa. Plasma imaphonya ndi theka la milimita, mwina kuposa, ndipo m'mbali mwake mumatsala zotukusira zoti mupale ndi grinder. Pa geti palibe vuto. Pa chigayo ndi ngozi.

Ndiye ine ndikuti gulani lathe yakale yogwiritsapo kale ntchito, yoyendetsa ndi manja, yotalika mita imodzi ndi theka. Muonjezere drill yoima ndi press yochotsera ma bearing. Ngati mukufuna zamakono, pali kachipangizo kotchedwa digital readout komwe amamangirira pa lathe yakale, kamaonetsa muyezo pa galasi m'malo mowerenga timizere ta pa chogwirira. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi lathe ya CNC.

Yamikani (wophunzira ku MUBAS, kwathu kwa Tengani)
Madala, za lathe sinditsutsa. Koma 3D printer musaipeputse. Kale inali ya makampani akuluakulu okha, chifukwa kampani ya Stratasys ya ku America ndi yomwe inali ndi umwini wa njira yosungunula pulasitiki n'kumaiyala mzere pamwamba pa mzere. Mu 2005 Adrian Bowyer wa pa yunivesite ya Bath ku England anayambitsa RepRap n'kuika mapulani ake poyera kuti aliyense apange yake. Umwini uja utatha mu 2009 mitengo inagwa. Lero yaing'ono monga Ender 3 imagulidwa pa madola 200 kapena 300 kunja, msonkho ndi thiransipoti zisanalowepo. Nthawi ya Covid mu 2020, ku design studio ya pa Poly, yomwe pano ndi MUBAS, anapanga zotchinga kumaso za ogwira ntchito m'zipatala ndi makina a mtundu womwewu pamodzi ndi laser. Ndi Amalawi anzathu omwe anachita zimenezo, osati azungu.

Ubwino wina, magetsi imadya ochepa, mawati 100 mpaka 300. Sola ya pakhomo yokhala ndi batire labwino imaiyendetsa.

Achimwene a ku Joni
Moni nonse kumudzi. Ine ndimagwira ntchito pa kampani yodula zitsulo ndi laser kuno ku Johannesburg, ndiye nkhaniyi yandikhudza. Yamikani, funso langa ndi limodzi. Pulasitiki yotchipa ya ma printer amenewo, PLA, imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. Pa Ngabu mu October ndi November mumthunzi momwe mumadutsa 40. Nanga chipangizo chomangidwa pa pampu ili padzuwa kudimba, kapena chosiyidwa m'galimoto yotseka magalasi? Chipindika tsiku loyamba lomwelo, ndipo mlimi adzauza mudzi wonse kuti za kompyuta n'zachibwana.

Yamikani
N'zoona achimwene, PLA kwathu siingakhale panja. Pali PETG yomwe imapirira mpaka cha m'ma 80, ndi ABS yomwe imafika cha m'ma 100, ngakhale ABS imavuta kusindikiza komanso imanunkha. Koma chomwe ine ndikuona chingatithandize kwambiri si kugulitsa pulasitikiyo ayi. Mukudziwa anthu aja amasungunula aluminiyamu yakale n'kuumba mapoto mu mchenga. Iwo amafuna chinthu choti adinde nacho mchengawo. Poto amadinda ndi poto mnzake, koma impeller, kagudumu kokankha madzi m'kati mwa pampu, ikathyokathyoka adinda ndi chiyani? Apa ndi pomwe printer imalowa. Timayeza yothyokayo, kuijambula pa kompyuta, kusindikiza chifaniziro cha pulasitiki, wosungunula n'kudinda nacho mchenga, kuthira aluminiyamu. Pulasitikiyo siiona dzuwa n'komwe.

Fitala Wopuma
Apo wanena za nzeru mdzukulu wanga. Ku foundry, kosungunulira zitsulo, ankachita zomwezo ndi matabwa, ndipo mmisiri wosema zifanizirozo ankalemekezedwa kuposa tonse. Ungokumbukira kuti aluminiyamu imafupika ikamazizira, kupitirira pang'ono milimita imodzi pa mamilimita 100 alionse, ndiye chifaniziro chako chikhale chokulirapo. Ndipo ikatuluka mu mchenga, bowo lolowa shafiti lifunabe lathe. Mukuona? Kulikonse mungadzere mukupeza lathe ikukudikirani.

Mkonzi wa Mijigo (Sorgin)
Pepani ndilowereko. Ine ndimakonza mijigo ya Afridev. Zomwe zimatha msanga ndi U-seal, O-ring, bobbin ndi ma bush bearing a pa chogwirira, aja apulasitiki. Nthawi zina mudzi umakhala sabata zingapo ukumwa madzi a mumtsinje chifukwa cha kachipangizo kolowa m'thumba la malaya. Printer yanuyo singatipangire zimenezi?

Aphunzitsi a Luso (Chikwawa boma)
Bambo a mijigo, pamenepo ndikupemphani tisayese. Afridev inachokera kwathu konkuno ku Malawi, inayamba ngati Maldev kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaikonza dala kuti zipangizo zake zikhale za muyezo umodzi, zotchipa, zoti anthu a m'mudzi azisintha okha. U-seal ndi O-ring ndi zamphira. Ma bush amaumbidwa ambirimbiri m'fakitale ndi pulasitiki yolimba. Chosindikiza pa printer chimakhala ndi mizeremizere, chimadyeka msanga, ndipo tizidutswa take tilowa m'madzi akumwa. Vuto la mijigo si kupanga, ndi sitolo yapafupi yosunga zipangizozo komanso komiti yokhala ndi ndalama m'thumba. Makina amakono ali ndi malo ake. Chinthu chomwe fakitale imapanga zikwizikwi pa mtengo wochepa, gulani. Chomwe sichipezekanso m'sitolo, kapena chofunika chimodzi chokha, ndi chomwe mupange.

Pomwe workshop ingakuthandizeni ndi pa ndodo zachitsulo zolowa pansi. Madzi amchere a m'madera ena a kuno amazidya dzimbiri, ndipo kuongola, kudula ndi kukonza ulusi ndi ntchito ya lathe ija a Fitala akunena.

Mkonzi wa Mijigo
Ndamva aphunzitsi. Za ndodozo ndiye ndingabweretse ntchito mwezi uliwonse.

Bambo a Fatsani (ogulitsa zitsulo ndi simenti, Ngabu)
Nonse mukukamba za makina koma palibe watchula magetsi. Tisaiwale January 2022. Namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, pakhomo pathu pomwe, dziko lonse n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makinawo asanayambirenso. Owotcherera ambiri ankagwira ntchito usiku magetsi akabwera. Lathe yaikulu imafuna magetsi amphamvu a three phase. Plasma imafuna compressor pambali, zonse pamodzi zikudya makilowati angapo. Mukatenga ngongole, banki sidzamva zoti magetsi kunalibe. Ndiye powerengera mtengo muikepo jenereta kapena sola yamphamvu, stabilizer, ndi ndalama yokokera three phase ngati malo anu alibe. Zimenezi zikhoza kuposa mtengo wa makinawo.

Achimwene a ku Joni
Bambo a Fatsani anena zoona, ndipo ndionjezere. Magetsi akazima CNC ili pakati podula, chitsulo chija nthawi zambiri chaonongeka. Komanso plasma imadya nozzle ndi electrode ngati nsima, makamaka mphepo ya compressor ikakhala ndi chinyezi. Tizipangizo timeneti timagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anawerengera phindu lake asanaganize zimenezi analira.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna mumve ndi ichi. Kuno makasitomala athu ambiri ndi anthu ang'onoang'ono ngati inu nomwe, owotcherera mageti, opanga ma trailer, okonza makina a m'mafamu. Palibe mmodzi mwa iwo ali ndi laser. Amajambula chomwe akufuna, kusunga ngati fayilo ya DXF, kutitumizira pa email kapena pa WhatsApp. Ife timaona kunenepa kwa chitsulo ndi kutalika kwa mzere wodula, kuwauza mtengo, mawa lake abwera kudzatenga. Ntchito za anthu 10 timaziyala pa chitsulo chimodzi kuti pasatsale zotaya. Makina a fibre laser ndi a madola masauzande makumi angapo, ndipo amabweza ndalama pokhapokha akamadula tsiku lonse. N'chimodzimodzi chigayo cha Make Chikondi: palibe amagula chigayo kuti azigaya chimanga cha pakhomo pake chokha, aliyense amabwera ndi ndowa yake n'kulipira.

Ndiye chomwe mmisiri wamng'ono akusowa choyamba si makina. Ndi luso loyeza chinthu bwinobwino ndi kuchijambula pa kompyuta. Amene ali ndi fayilo, makina alionse padziko amumvera. Mukhoza kuyamba mwezi uno: fufuzani ma workshop a ku Blantyre omwe ali ndi CNC, kaya ku Makata, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, muwatumizire fayilo, zidutswa zibwere pa minibasi, inu muwotcherere pa Nchalo.

Bambo a Tadala
Achimwene ndakumvani, koma pamenepo mtima wanga sukukhazikika. Ndiye kuti ndalama ipitabe kumtunda. Ife tizingomata zomwe ena adula? Ndipo Chikwawa ndi pafupi, makilomita 50 okha kapena kuposera pang'ono. Nanga mnzathu wa ku Nsanje, makilomita pafupifupi 180? Wa ku workshop ya m'tauni akalandira ntchito ya kampani yaikulu, ya ine wa zidutswa 6 aiika pansi pa tebulo. Ine ndikufuna mwana wa kuno aziona makinawo ndi maso, aziwagwira.

Achimwene a ku Joni
Sindikukana kuti mugule. Ndikuti muyambe mwadziwa kuti ntchito ilipo yochuluka bwanji. Mukatumiza mafayilo ku Blantyre miyezi ingapo, mudzakhala ndi malisiti oonetsa kuti Chigwa chimadula zitsulo za ndalama zakuti pamwezi. Pepala limenelo ndi lomwe wobwereketsa ndalama amafuna kuona. Ndipo tsiku lomwe plasma yanu ikufika, anthu ojambula adzakhala alipo kale, siidzakhala miyezi itafundidwa lona. Komanso simukuyenera kuyamba ndi laser. Tebulo la plasma la CNC mukhoza kuliwotcherera nokha, n'kungoitanitsa ma motor, ma rail ndi bokosi loyendetsera. Alipo ambiri padziko achita zimenezo.

Anaphiri (mlembi wa kopaletivi ya alimi, Miseu Folo)
Abambo inu mukukangana za makina, ine nkhawa yanga ndi anthu. Ndaona makina a gulu akufa osati chifukwa chokalamba, koma chifukwa aliyense ankati ndi ake pogwiritsa ntchito, ndipo palibe ankati ndi ake pokonza. Wapampando amabweretsa ntchito ya achibale ake osalipira. Wina amabwereka chipangizo osabweza. Lamba akaduka, m'thumba mulibe kanthu chifukwa ndalama yonse anagawana pa Khirisimasi.

Mukafuna kuti izi zikhalitse, lembetsani gulu ku boma ngati kopaletivi kapena kampani, mukhale ndi akaunti ku banki yosainira anthu atatu. Makina aziyendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri olembedwa ntchito, olandira malipiro, osati membala aliyense kubwera kudzayesa. Membala azilipira ngati wina aliyense, mwina motsikirako pang'ono, phindu lake adzalione kumapeto kwa chaka. Pa ntchito iliyonse muzipatula gawo la zokonzera ndi zogulira makina ena, ndipo gawo limenelo lisagwidwe ngakhale pa maliro.

Onani kopaletivi ya Phata ku Chikwawa. Alimi anaphatikiza minda yawo n'kukhala kopaletivi, koma kuyendetsa munda wa nzimbe anakupereka kwa anthu odziwa ntchitoyo, iwo n'kumayang'anira kudzera mu komiti ndi kulandira gawo lawo. Sanati aliyense azitsegula madzi mmene wafunira.

Za ndalama, pali ngongole za boma za mabizinesi, pali mabanki, koma chiwongoladzanja cha masiku ano ndi chowawa. Pulojekiti ya boma ya AGCOM imathandiza magulu a alimi ndi ndalama zomwe gulu limaikapo gawo lake, koma ija ndi ya ulimi wa bizinesi, ndiye mungafunike kulowa kudzera pa zipangizo zokonzera mbewu. Ine ndikanakonda muyambe ndi zanu zosonkha, pa chinthu chomwe mungachikwanitse popanda chikole cha nyumba ya munthu.

Make Chikondi
Anaphiri, mau anuwo ndawasunga. Ine ndisonkha pokhapokha malamulo atalembedwa.

Aphunzitsi a Luso
Ndibwerere pa nkhani ya luso yomwe achimwene a ku Joni anena, chifukwa ine ndi yomwe imandisowetsa tulo. Anyamata ndi atsikana ambiri omwe amabwera kudzaphunzira kuwotcherera manja awo ndi abwino. Koma mukawapatsa vernier, kachipangizo koyezera mamilimita molondola, ambiri sadziwa kuwerenga. Mukawapatsa pepala lojambulidwa mbali zitatu, saona chinthucho m'mutu. Munthu wotere mukamukhazika pa kompyuta, ajambula chokongola koma cholakwika, makina n'kudula cholakwikacho maulendo 50 mofulumira kwambiri.

Mapulogalamu si vuto. FreeCAD ndi yaulere, LibreCAD ndi yaulere, Inkscape yojambulira maluwa a mageti ndi zikwangwani ndi yaulere, ndipo zonse zimagwira popanda intaneti pa laputopu yakale. Chofunika ndi masabata oyamba akhale a vernier, sikweya ndi pensulo. Mabwana olemba anthu ntchito amalipira 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku TEVETA kuti anthu aphunzire luso. Gulu lolembetsedwa likhoza kupita kukapempha maphunziro afupiafupi ochitikira konkuno, m'malo moti aliyense apite ku Soche Technical. Munthu mmodzi akapita sangamvedwe, koma amisiri 20 okhala ndi kalata imodzi ndi nkhani ina.

Mayi a Telala (Nsanje boma)
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zonse mukukamba n'zachitsulo, ngati amayife tilibe mabizinesi. Ndimasoka mayunifolomu a sukulu ndi a kwaya. Baji iliyonse ndimakadinditsa ku Limbe. Anthu olemba zikwangwani za masitolo, opanga zidindo, olemba maina pa mabokosi a maliro ndi pa ziliza, onse amapita kumtunda. Makina odula zomata pa malaya ndi ang'ono, amakwana pa tebulo, magetsi ake ndi a sola. Makina opeta ndi kompyuta alinso. Ngati gululi ndi la mabizinesi onse, ntchito zopepukazi ndi zomwe zingabweretse ndalama tsiku lililonse pomwe shafiti mukuidikira kuti ithyoke.

Yamikani
Amayi mwanena zoona, ndipo m'ma fab lab ambiri makina otanganidwa kwambiri amakhala odula zomata ndi laser yaing'ono ya CO2 yodula matabwa opyapyala, chikopa, nsalu ndi acrylic. Maganizo a fab lab anachokera ku MIT ku America, kwa Neil Gershenfeld, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: chipinda chimodzi, makina angapo, aliyense wa m'deralo n'kumabwera kudzapanga chake. Chenjezo limodzi lokha, pa laser musadzaikepo PVC, kaya paipi kaya lona wa zikwangwani. Imatulutsa mpweya wa chlorine womwe umapweteka mapapo n'kudya makinawo. Chimodzimodzi plasma pa chitsulo cha galvanised, utsi wake umadwalitsa. Chipinda chikhale chopita mphepo.

Fitala Wopuma
Ndipo makina a amayiwo asakhale chipinda chimodzi ndi grinder. Fumbi lachitsulo limapha kompyuta. Muike khoma pakati.

Bambo a Fatsani
Pali chinthu china chomwe chikundichititsa kuganiza kuti bambo a Tadala sakulota. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme. Ikuchokera ku Kapichira, cholinga n'choti ikafike ku Bangula, makilomita pafupifupi 118, kuthirira mahekitala opitirira 43,000. Minda imeneyo ikadzayamba, padzafunika zitseko zotsekera madzi, ma flange olumikizira mapaipi, ma trailer, zipangizo za mathirakitala, makina opunthira ndi osankhira mbewu, ndipo zonsezi zimathyoka. Illovo pa Nchalo ili ndi workshop yakeyake, iwo sadikira munthu. Koma makopaletivi a alimi omwe akupangidwa m'mbali mwa ngalande sadzakhala ndi workshop aliyense. Wina adzawakonzera. Ngati si ife, adzakhala a ku Blantyre atatsegula nthambi pa Ngabu, ife n'kukapempha ganyu yosesa.

Kungoti makasitomala otere safuna za pakamwa. Adzafuna quotation, invoice, TPIN ya ku MRA, ndipo flange ya lero ifanane ndi ya mwezi wamawa. Apa ndi pomwe CNC imaposa dzanja la munthu. Ma flange 40 a mabowo 8, ndi choko ndi drill mutha sabata ndipo ena sagwirizana. Pa tebulo la plasma ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Fitala Wopuma
Pa ma flange ndagonja, plasma ndi yoyenera. Koma ikhale yachiwiri. Madziwo sanafike ku Bangula, pomwe zigayo zikuthyoka lero.

Mnyamata wa ku East Bank (Muona)
Akuluakulu, mukamati Chigwa mumatiwerengera ife? Mukuti Nchalo, Ngabu, Bangula, konse ndi kutsidya. Ife kuti tifike pa Bangula ndi bwato pa Mtayamoyo, chitsulo cha makilo 30 chili pamwendo. Apo ayi tizungulire msewu wa ku East Bank mpaka pa Thabwa, ndiye bola kungopitirira ku Blantyre. Kuno kuli mpunga, makina opunthira amathyoka ngati kwina kulikonse. Nthawi ya mvula timakhala ngati dziko lina.

Komanso posankha malo muganize za madzi. Tinaona 2015, tinaona Idai mu 2019, Ana, kenako Freddy mu March 2023. Lathe simungainyamule kuthawa nayo usiku. Pakhale pokwera, ndipo maziko akwezedwe.

Anaphiri
Mwana wanga wanena chinthu chofunika. Njira yotumiza fayilo ija ingakuthandizeni inu kuposa tonse. Pa Fatima kapena pa Muona pakhale munthu mmodzi wodziwa kuyeza ndi kujambula, wokhala ndi vernier ndi laputopu. Chitsulo chothyoka sichiwoloka, imawoloka fayilo, chatsopano n'kubwera ulendo umodzi wokha.

Fitala Wopuma
Pa zafulati inde. Pa shafiti ndimafunabe kuiona ndi maso pamodzi ndi bearing yake, chifukwa yodyeka ikayezedwa imanama. Koma tingagwirizane ndi wa bwato mmodzi wodalirika.

Bambo a Tadala
Zikomo nonse, takhuta. Ine mtima unali pa plasma ndipo ukadali pomwepo, koma ndikuona kuti ambiri mwatsamira ku lathe poyamba, makina a amayi a telala pambali pake, plasma pambuyo. Za printer, Yamikani ayambe wayesa impeller imodzi kusukulu kwawoko tione ngati wosungunula mapoto angaikwanitse, tisanagule yathu.

Ndikupempha chinthu chimodzi kwa aliyense, kuyambira lero mpaka kutha kwa mwezi wamawa. Chilichonse chomwe chakuthyokerani kapena chomwe mwabweza kasitomala chifukwa chosowa makina, chijambuleni ndi foni pambali pa rula, mulembe kuti mwakakonzetsa kuti, mwalipira zingati, thiransipoti zingati, mwadikira masiku angati. Muponye pano, Anaphiri asonkhanitse. Tikakumana tidzakhale ndi manambala athuathu. Malo a msonkhano ndikuganiza pa Ngabu chifukwa ndi pakati.

Anaphiri
Ndavomera kusunga kaundula. Ndibweretsanso chitsanzo cha malamulo a kopaletivi yathu kuti mudzaone poyambira.

Make Chikondi
Ndiye ndiyambe ine. Mahamala a chigayo changa atha mbali zonse, ndawatembenuza mpaka palibenso potembenuzira. Ndi 24. Ndayeza ndi tepi, m'litali 110 mm, m'lifupi 40 mm, kunenepa 6 mm, bowo cha m'ma 16 mm. Yamikani ungandijambulire tiyese njira ya achimwene a ku Joni?

Yamikani
Ndijambula usiku uno amayi, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Fitala Wopuma
Dikira kaye mdzukulu wanga. Make Chikondi, bowo musayeze pa hamala yakale, latambasuka kale, ndipo tepi siyeza bowo. Yezani chitsulo chomwe mahamalawo amalowamo, ndi vernier, chakumapeto komwe sikunadyeke. Chachiwiri, wodulayo mumuuze kuti si mild steel. Mild steel ndi yofewa, itha msanga ndipo zitsulo zake zilowa mu ufa wa anthu. Pafunika chitsulo cholimba, ena amagwiritsa ntchito sipuling'i yakale ya galimoto. Chachitatu, akabwera muwayeze kulemera pa sikelo, oyang'anizana akhale ofanana, apo ayi chigayo chizinjenjemera mpaka kudya ma bearing. Vernier ngati mulibe, Lachinayi mwana wanga akupita ku Bangula, ndimupatsira yanga adutse pachigayo panu.

Mnyamata wa ku East Bank
Tsiku la msonkhano mutiuze kudakali sabata ziwiri, ndipo uyambe cha m'ma 10 koloko kuti ife tiwoloke m'mawa n'kubwerera kusanade. Ndibwera ndi mnzanga wokonza makina opunthira mpunga, ali ndi sefa zong'ambika zoti a Fitala adzazione.